Nkhondo ya chiwaya inayamba ndi mapangano, osati mfuti

Takhalani pansi kumbuyoko, mafoniwo m'thumba kaye. Ndayamba ndi mafoni dala, chifukwa sabata yatha voisi ija ya pa WhatsApp yoti nkhondo yachitatu ya dziko lonse yayamba inasowetsa anthu tulo muno, mpaka mayi wina anakagula matumba awiri a mchere. Mchere! Ndiye ndati lero tikambe m'mene nkhondo zikuluzikulu zimayambira.

Mukudziwa banki nkhonde. Ukasainira mnzako ngongole, iye akathawa amabwera kudzanyamula mbuzi zako iwe. Mayiko a ku Ulaya ankachita chimodzimodzi. Mu 1879 Germany ndi Austria-Hungary anapangana kuti wina akaukiridwa ndi Russia, winayo alowererapo. Mu 1882 Italy inalowa nawo gululo. France itaona zimenezi inagwirana chanza ndi Russia, 1894, kenako Britain inamvana ndi France mu 1904 ndi Russia mu 1907. Aliyense ankati akudziteteza, paja amati mnzako akapsa ndevu mzimire, koma ukasaina osawerenga, ndewu ya mnzako imasanduka yako. Gwirani mawu amenewo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya chiwaya ija, inayamba chonchi. Pa 28 June 1914, mnyamata wa zaka 19 wa mtundu wa Aserbia, Gavrilo Princip, anawombera n'kupha Franz Ferdinand, yemwe ankayembekezera kulowa ufumu wa Austria-Hungary, mumzinda wa Sarajevo. Patatha mwezi Austria, poloza chala Serbia pa imfayo, inalengeza nkhondo pa Serbia, Russia inayamba kusonkhanitsa asilikali kuti ithandize Serbia, Germany inalengeza pa Russia pa 1 August, pa France pa 3, ndipo itadutsira ku Belgium, Britain inalowa pa 4 August chifukwa cha pangano lakale la 1839 loti Belgium isaukiridwe. Sabata imodzi basi. Ndewu ya mnzako imasanduka yako.

Ndipo ife tinasaina chani? Palibe. Koma Nyasaland inali pansi pa Britain, Tanganyika pansi pa Germany. Mu August momwemo sitima ya Britain yotchedwa Guendolen inakawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathuyi, mu September kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Agogo anga aamuna anatengedwa ngati mtengatenga, ankasimba kuti katundu pamutu, mapazi otupa, anzawo akugwa m'njira ndi kamwazi, osadziwa n'komwe kuti Sarajevo ndi kuti. John Chilembwe analemba kalata kudandaula zomwezi chaka chomwecho. Mukapita ku Zomba, chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali achiafirika la Britain) chija muziima n'kuwerenga mayina, osangojambulitsapo zithunzi.

Eya bambo, funsani. Akuti nanga NATO si banki nkhonde yomweyo? Funso labwino. Inde n'zofanana, NATO, mgwirizano wa chitetezo wa America, Canada ndi mayiko ambiri a ku Ulaya, inapangidwa mu 1949 ndipo ndime yachisanu ya pangano lake imati kuukira mmodzi ndi kuukira onse. Koma ndimeyi anaigwiritsa ntchito kamodzi kokha, zigawenga zitaukira America pa 11 September 2001. Ukraine si membala, n'chifukwa chake mayiko aja amatumiza zida ndi ndalama koma asilikali awo sanalowe nkhondo yake yolimbana ndi Russia. Ndipo pangano si unyolo ayi, Italy ija inasaina mu 1882 koma 1914 inakhala phee, 1915 inalumphira mbali inayo. Anthu ndi amene amasankha. Koma ngakhale sitili mu NATO, feteleza uja munagula mokwera kuyambira 2022 ndi mbali ya nkhani yomweyi.

Ndaona ena ayamba kuyasamula, ndithamange. Mukalandira voisi yoopsa musatumize kaye. Tsegulani wailesi mumve ngati nkhaniyo ilipo. Funsani kuti dziko lomwe laukiridwalo lili pa pangano ndi ndani. Ndipo musathamangire kukagula mchere. Amfumu, ine ndathera pomwepa, za mjigo zija mukambe ndinu.