Nyuzipepala yomwe inkalembedwa pansi pa nthaka ku Sarajevo

Moni nonse amene mukuonera. Lero tili ku Sarajevo, likulu la dziko la Bosnia.

Mu April 1992, asilikali a Aserbia a ku Bosnia anazinga mzindawu, n'kumauwombera kuchokera m'mapiri ouzungulira. Magetsi anazima, mipopi inauma, ndipo kukatunga madzi kunali kuika moyo pachiswe. Zinakhala choncho mpaka February 1996.

Mumzindamo munali nyuzipepala yotuluka tsiku ndi tsiku ya Oslobođenje, yomwe inayambitsidwa mu 1943 ndi omenyera ufulu olimbana ndi a Nazi. Maofesi ake anali ku Nedžarići, pafupi kwenikweni ndi pomwe ozinga mzindawo ndi asilikali ouuteteza ankawomberana. Mu June 1992 mabomba anayatsa moto nyumba yake yosanja. Mkonzi wamkulu, Kemal Kurspahić, ndi anzake sanathawe. Anatsikira m'chipinda cha pansi pa nthaka chobisalamo mabomba, n'kupitiriza ntchito momwemo. Popeza ulendo wopita kumeneko unali woopsa, gulu limodzi linkagona konko sabata yathunthu lisanalandiridwe ndi lina.

Vuto lina linali pepala. Masamba anachepa, kukula kwa nyuzipepala kunkasinthasintha malinga ndi pepala lomwe lapezeka, ndipo makope anatsika kufika pa masauzande ochepa chabe. Ogulitsa atasowa, atolankhani eni ake ankanyamula mitolo kukagulitsa m'misewu. Kope limodzi linkadutsa m'manja mwa anthu ambiri. M'nkhondo yonseyo, ndi tsiku limodzi lokha lomwe nyuzipepalayi sinatuluke.

Koma chomwe chimandigwira mtima n'chakuti m'chipinda chija munali Abosniak (Asilamu a ku Bosnia), Aserbia ndi Akroati, kudyera limodzi ndi kulembera limodzi. Wachiwiri kwa mkonzi, Gordana Knežević, anali Mserbia. Ozinga mzindawo ankati mitundu imeneyi singakhalenso pamodzi, ndipo kope lililonse lotuluka m'mawa linkawatsutsa. N'chifukwa chake nyumbayo sankaisiya kuiwombera.

Ogwira ntchito 5 anaphedwa, ena 25 anavulala. Kjašif Smajlović, mtolankhani wawo m'tauni ya Zvornik kum'mawa kwa Bosnia, anaphedwa muofesi mwake nkhondo itangoyamba. Wojambula zithunzi, Salko Hondo, bomba linamupha akujambula anthu omwe anali pamzere wotunga madzi.

Mu 1993, nkhondo ili mkati, nyumba ya malamulo ya European Union inapatsa Oslobođenje mphoto ya Sakharov, yomwe imaperekedwa kwa oteteza ufulu wa anthu. Nyuzipepalayi ikutulukabe ku Sarajevo mpaka lero.