Alamu, Stone Town muiyende chonchi

Alamu, uthenga wanu ndaumva. Mwati ku Zanzibar muli ndi tsiku limodzi lokha, ndipo wokuperekezani simukumufuna. Zitheka. Mvetserani, ndipo uthengawu musaufufute, mukaumverenso muli konko.

Mulawire dzuwa lisanawawe. Nsapato zafulati, madzi m'botolo, chovala chophimba mapewa ndi mawondo, paja anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu. Mapu a pafoni muwatsitsiretu, koma musawadalire kwenikweni. Tinjira ta mu Stone Town, dera lakale la mzinda wa Zanzibar, n'topanikizana moti galimoto silowa, ndipo kadontho kosonyeza pomwe muli kaja kamangodumphadumpha. Chokutsogolerani chikhale nyanja. Mukasokera, ndipo kusokerako musokera ndithu, ingofunsani kuti "Forodhani?" Aliyense akulozerani.

Muyambire pa Forodhani pomwepo, paki ya m'mphepete mwa nyanja. Imani chofulatira madzi, muuone mzindawo monga ankauonera obwera pa ngalawa. Chilinga chamiyala chija ndi Old Fort, eni ake amati Ngome Kongwe. Anachimanga Aluya a ku Oman chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, atapirikitsa Apwitikizi. Pambali pake pali House of Wonders ya Sultan Barghash, ya mu 1883, nyumba yoyamba kuyaka magetsi pachilumbapo. Mbali ina inagwa mu Disembala 2020, ndiye mukapeza potchinga musadabwe. Kenako cheukani. Pamadzi amenewo ndi pomwe sitima zankhondo za Angelezi zinaima pa 27 Ogasiti 1896 n'kuyamba kuphulitsa nyumba ya Sultan. Nkhondo yonse ola silinakwane.

Mukatero tsatani Mizingani Road, nyanja ili kumanzere kwanu. Mudutsa Old Dispensary, yamakonde osemasema ija, mpaka ku Malindi kufupi ndi doko. Pamenepo musachedwe, khotani mulowe m'kati.

Apa ndiye chepetsani liwiro, alamu, ndikukudziwani inu mumayenda ngati mukuthamangira basi. Yang'anani zitseko. Chikakhala chamakona anayi, mawu a Chiarabu atasemedwa pamwamba, n'cha kamangidwe ka Aluya. Chikakhala chozungulira pamwamba, chokhomedwa zisonga zamkuwa, n'cha Amwenye. Chitseko chinkanena za mwini nyumba iye asanatuluke. Pakhoma pomwe pagumuka pulasitala, yandikirani: muona kuti si njerwa ayi, ndi miyala yam'nyanja yomata ndi laimu. Timabenchi tasimenti tam'mbali mwa nyumba timatchedwa baraza. Mukapeza akuluakulu atakhalapo, perekani moni kaye, ndipo musajambule munthu musanapemphe. Belu la njinga likalira kumbuyo, kanirirani kukhoma.

Mutulukira pa msika wa Darajani. Msewu waukulu wodutsa pamenepo kale unali khwawa lolowa madzi a m'nyanja, anachita kulikwirira. Tsidya linalo mpaka lero limatchedwa Ng'ambo, ndipo n'komwe kunkakhala anthu wamba pamene olemera ankamanga zamiyala mbali ino.

Tsopano ku Mkunazini, ndipo kumeneku mupatuleko ola lathunthu. Tchalitchi cha Anglican cha Christ Church chili pamalo pomwe panali msika wa akapolo. Msikawo unatsekedwa mu 1873, ndipo chaka chomwecho ntchito yomanga tchalitchi inayamba. Bishopu Edward Steere, yemwe anaiyang'anira, anaikidwa kuseri kwa guwa. Guwalo amati lili pomwe ankakwapulira anthu. Mufunse akuonetseni kamtanda kamatabwa komwe amati kanachokera ku mtengo umene patsinde pake anakwirira mtima wa David Livingstone, ku Chitambo m'dziko la Zambia. Panja pali dzenje, m'menemo muli ziboliboli za anthu asanu, unyolo uli m'khosi. Ine nditafika pamenepo foni ndinangoibwezera m'thumba. Pakhomo amalipiritsa, ndiye mukhale ndi mashilingi a ku Tanzania m'manja.

Kuchoka apo lunjikani kumadzulo, ku Shangani. Mukapezako nyumba ya Tippu Tip, amene analemera ndi minyanga ya njovu komanso akapolo. Mukhala mutangochoka kumene ku dzenje lija, ndiye chitseko chake chokongolacho muchiyang'ana ndi maso ena.

Mukatero tsikirani kumchenga, dzuwa limalowera mbali imeneyo. Nyanja ikhalenso kumanzere, mphindi zochepa mwabwerera pa Forodhani. Eya, ndikanaiwala: ngati ulendowu wagwera m'mwezi wa Ramadan, botolo lija muzimwera pobisika masana. Mukafika mundiimbire.