Dziwani kumene mwana wanu akugona: mawu a mphunzitsi wamkulu pa msonkhano wa makolo

Zikomo a gulupu, mafumu nonse, a komiti ya PTA, amayi a Mother Group, ndi inu makolo anzanga. Akumbuyoko mukundimva? Sunthirani kuno kumthunzi, malo alipo.

Nkhani imene yatisonkhanitsa mwaimva kale, ena kumjigo, ena kuchigayo, ndipo pofika kumeneko inali itawonjezeredwa zina. Dzina sinditchula, nanunso chonde musalitchule. Mtsikana wathu wa Fomu 2 anapezeka ali chikomokere m'kachipinda kamene amachita lendi kuseri kwa malo omwera mowa pamsika paja. Anali ndi pathupi, ankadzimanga ndi chitenje m'kati mwa yunifolomu kuti anthu asaone. Anadwala masiku angapo ali yekhayekha. Anamupeza ndi anzake, nkumukweza pa kabaza kuthamangira naye kuchipatala. Ali moyo, akupeza bwino, tithokoze Mulungu.

Ine ndinapita kukaona chipindacho. Amayi, chitseko chake n'chotsekera ndi msomali wopinda. M'katimo muli mphasa, mbaula, kathumba ka ufa kotsala pansi penipeni, ndi makope ataunjikidwa pa njerwa kuopa chinyontho. Chimbudzi n'chimodzi ndi cha anthu akumwa aja. Mwana wa zaka zosakwana 18 agone pamenepo usiku uliwonse, nyimbo zikulira mpaka tambala woyamba. Dziwani kumene mwana wanu akugona. Mukaiwala zonse zimene ndinene lero, ichi chokha mupite nacho kunyumba.

Sindikunyoza amene munatumiza ana ku selofu, kokakhala okha m'zipinda za lendi pafupi ndi sukulu. Sukulu ino ndi yoyendera, ilibe malo ogona, ndipo kwa ena a inu mtunda wake ndi woti mwana akanyamuka mbandakucha amafika belu litalira kale, dzinja mtsinje ukadzaza safika n'komwe. Munafuna kuti aphunzire. Koma ena munangomupatsa ndalama ya lendi ndi ndowa ya chimanga, basi, teremu yonse osapondako. Ufa ukatha pakati pa mwezi adya chiyani? Sopo amutenga kuti? Amene amagula sopo ameneyo mukuwadziwa, ndi azibambo a pamsika pomwepa, ena ali ndi ana aakulu kuposa mtsikanayo. Mbuzi ikachedwa kulowa m'khola mumayatsa tochi kukaisaka usiku womwewo, nanga mwana?

Tsopano za ife a sukulu. Ntchito yathu siithera pa belu lowerukira, ndiponso siithera pa zotsatira za MSCE zimene MANEB imatulutsa. Mwana akavala yunifolomu yathu ndi wathu m'kalasi, ndi wathu panjira, ndi wathu kumene akugonako. Akajomba masiku awiri mphunzitsi wa kalasi ayenera kufunsa, osangolemba m'kaundula nkutseka. Ndipo ndinene poyera aphunzitsi anga ali pompano: mphunzitsi wofunsira mwana wa sukulu ndi wolakwira lamulo, sitidzamubisa, sitidzakambirana zoti angolipira mbuzi nkhani ithere m'mudzi.

(Bambo wina aimirira: "Ahedi, pepani. Ndamva kuti mwanayo mukufuna adzabwererenso. Kodi sadzawaphunzitsa anzake khalidwe lomwelo? Kale wotere ankangochotsedwa.")

Zikomo bambo, khalani pansi. Mwafunsa bwino, ndipo ndikudziwa kuti ambiri funso lomweli lili mumtima. Inde, kale ankachotsedwa. Koma kuyambira 1993 boma linaika ndondomeko yoti mtsikana akabereka abwerere kusukulu, ndipo ife timatsata imeneyo. Si chifundo changa ayi, ndi ufulu wake. Komanso taganizani, bambo. Mimba munthu satenga yekha. Amene anamupatsa uja akuyendabe pamsika, akusewera bawo, palibe amene wamuchotsa paliponse. Tilange mwana yekha? Tikamuchotsa apita kuti? Mudzamukankhira ku banja, pamene lamulo la maukwati la 2015 likuti ukwati ndi kuyambira zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo atavomera, mwana asakwatiwe. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana nkuwabwezera kusukulu, mpaka kuimitsa mafumu amene ankalekerera. A gulupu, mwamva kumeneko.

Za kuononga anzake, ine zimene ndaona pa ntchito yanga ndi zina. Mtsikana wobwerera amakhala kutsogolo, salankhulalankhula, pa buleki amathamangira kwa agogo kukayamwitsa nkubwerera thukuta lili kamukamu. Anzake akamuona amaphunzira zimene ine sindingawaphunzitse ndi choko. Chimene chimamuthawitsa ndi ife akuluakulu, kumuloza chala, kumutchula kuti "make uje" m'kalasi. Mukukumbuka 2020, sukulu zitatsekedwa miyezi yambiri chifukwa cha Covid-19? Boma linapeza atsikana oposa 40,000 atatenga mimba m'dziko muno. Onsewo tikanawataya, bwenzi lero tili ndi anamwino ndi aphunzitsi angati a m'tsogolo? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, bambo. Mawa akhoza kukhala mdzukulu wanu.

Anyamata nawonso tisawaiwale. Ena ali m'zipinda zomwezi, madzulo ali kokaonera mpira ndi mafilimu, ena ayamba tizakumwa totsika mtengo tija. Ogulitsa ndinu nomwe, amalume awo, azakhali awo. Mwana wavala yunifolomu, inu nkumulandira ndalama? Ayi, tisatero. Ndipo inu eni nyumba za lendi, ndakuonani mwabwera, zikomo. Ndalama mulandire, koma muikeko loko weniweni, ndipo mlendo wamwamuna akamagogoda usiku musayang'ane kumbali. Makolo, ndibwerezenso, dziwani kumene mwana wanu akugona, mumudziwe mwini nyumba ndi nkhope yomwe.

Ndaona amayi ayamba kumanga ana kumsana, dzuwa lapendeka, ndithamange. Lolemba tiyamba kulemba mwana aliyense wa selofu: nyumba yake, mwini nyumba, foni ya kholo kapena ya woyandikana naye. Amayi a Mother Group ndi aphunzitsi aakazi aziyendera zipindazi mosalengeza. Mwana akajomba masiku awiri tikuimbirani, muyankhe. Kholo lililonse lifike kamodzi pamwezi, ngakhale ndi kamtolo ka nkhuni. Mwana wochitiridwa nkhanza auze mphunzitsi amene amamukhulupirira, kapena apite ku Victim Support Unit kupolisi, kapena aimbe 116, ndi yaulere. Mafumu, tikupempha malamulo a m'mudzi okhudza nyumba za lendi zoyandikana ndi mowa. Za hositelo ya atsikana, a komiti atsala kuti tigawane za njerwa ndi mchenga mudzi ndi mudzi.

Amene ana anu ali ku selofu musapite kaye, pitani pa tebulo apo mukalembetse, ndipo lero lomwe musanakwere njinga, mwana akutengeni mukaone kumene akugona. A tcheyamani, ndabweza kwa inu.