Makalata a omvera: ana asukulu akapita kukaona wailesi ya kanema

Takulandirani omvera athu a ku Chipoka, Senga Bay, Benga mpaka ku Dwangwa. Kalata yoyamba lero yachokera kwa aphunzitsi a pa sekondale ina yoyendera ku Khombedza. Akuti: "Ana a Fomu 3 akufuna kukaona momwe wailesi ya kanema imagwirira ntchito. Tiyambire pati, nanga tipite angati?"

Aphunzitsi, lemberani akuluakulu a wailesiyo kudakali mwezi wathunthu. Mutchule tsiku, chiwerengero cha ana ndi zimene mukufuna akaone. Kwa ife kuno pafupi ndi ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa Salima boma kudzera msewu wa M14, ndipo wailesi ya kanema ya Zodiak ili komweko. MBC, imene kanema wake anayamba mu 1999 akutchedwa TVM, likulu lake lili ku Blantyre, ndiye umenewo ndi ulendo wokagona. Makolo asayinire chilolezo.

Situdiyo si holo ya msonkhano ayi. Gawani ana m'magulu a 10 kapena 12. Mukalowetsa 60 nthawi imodzi, amamva ndi akutsogolo okha, akumbuyo amangopunthwa pa mawaya. Pemphani kuti mufike nthawi imene akukonza nkhani, ndipo ana akalowe m'chipinda chowongolera, muja mumakhala masikirini ambiri, osangothera pojambulitsa pa mpando wa wowerenga nkhani. Mafoni azimitsidwe, poti maikolofoni imatola ngakhale kunong'ona. China, ngati yunifolomu yanu ndi yobiriwira muwauziretu eni ake. Situdiyo zina zimakhala ndi khoma lobiriwira kumbuyo, limene kompyuta imalifafaniza n'kuikapo chithunzi china. Mwana wovala zobiriwira akaima pamenepo, pa sikirini pamangotsala mutu ndi manja!

Kalata ina ndi ya mayi a ku Linga, ku Nkhotakota. Akufunsa kuti: "Ana akabwerako ku maulendo otere, aliyense amati adzakhala wowerenga nkhani. Kodi malo ake alipo okwanira?"

Mayi, mwafunsa zoona. Pa mpando paja pamakhala munthu mmodzi kapena awiri basi. Koma kuti nkhope imeneyo ifike m'nyumba mwanu, pali wogwira kamera, wosamala mawu, woyang'anira magetsi owunikira, wolumikiza zithunzi pa kompyuta, mkonzi wa nkhani, ndi mainjiniya osamala makina oulutsira. Wowerengayonso sikuti analoweza. Mawu amayenda pa galasi limene lili kutsogolo kwa kamera, ndipo m'khutu amavala kachipangizo komwe amamuuzira kuti kwatsala masekondi angati. Ndiye mwana akabwera musamufunse kuti "waona ndani wotchuka?" Mufunseni ntchito zimene waziona ndi imene yamukoka mtima, chifukwa yankho lakelo ndi limene likuuzeni phunziro loti alimbikire.

Wofuna utolankhani agwire Chingerezi ndi Chichewa. Ku yunivesite za boma amafuna makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chili momwemo. Yunivesite ya MUBAS ku Blantyre imaphunzitsa utolankhani, ndipo sukulu ya utolankhani ya Malawi Institute of Journalism (MIJ) ili ndi maphunziro a satifiketi ndi dipuloma. Amene wakopeka ndi mawaya ndi makina asathawe Masamu ndi Physics.

Wofuna utolankhaniyo asadikire koleji kuti ayambe. Abwereke foni, apite pa doko m'mawa asodzi akamakocheza, ajambule nkhani ya mphindi 2. Foni aigwire chopingasa, dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambulayo, apo ayi nkhope zimada bii. Ayandikire wolankhulayo, ndipo tsiku la mwera abisale kuseri kwa bwato kapena chisakasa, chifukwa mphepo ikawomba pa maikolofoni mawu onse amasanduka phokoso. Akatero akawonetse aphunzitsi ake a Chingerezi amuwongolere.

Kalata ya bambo a ku Lifuwu yofunsa za ndalama ya basi tidzayamba nayo sabata yamawa.