Makalata a omvera: agogo akwere basi ulere, nanga alipire ndani?

Takulandirani nonse, kaya mukutimvera pa wailesi kaya pa foni. Sabata yatha tinangokhudzako pang'ono za khadi limene okalamba a ku Britain amakwerera basi osalipira, koma makalata abwera ambiri moti sindingawerenge onse. Ndasankhapo anayi. Atatu achokera kwa abale athu okhala ku Britain komweko, imodzi yachokera kuno kumudzi.

Yoyamba alemba achemwali athu a ku Leicester, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Akuti: "Tsiku lililonse ndimakwera mabasi angapo kuchoka nyumba iyi kupita nyumba iyo, ndipo paliponse ndimalipira. Pambali panga pamakhala agogo oti nyumba ndi yawoyawo, galimoto ali nayo, penshoni ali nazo ziwiri, koma amangogunditsa khadi pa makina n'kukhala pansi. Msonkho umene amandidula ndi umene ukuwalipirira. Kodi chilungamo chili pati?"

Achemwali, funso lanu ndi lomveka, ndipo simunaname ponena kuti pali amene akulipira. Ku England khadi limeneli linayamba kugwira ntchito m'dziko lonse mu April 2008. Munthu akagunditsa khadi, makina amalemba ulendowo, kenaka khonsolo ya dera limenelo imabwezera ndalama kampani ya basi. Lamulo lake ndi lakuti kampaniyo isapindule komanso isaluze chifukwa chonyamula okalambawo. Pa chaka zimafika mapaundi mamiliyoni mazana angapo, ndipo ndi za msonkho, wanu womwe uli momwemo.

Koma taonani nthawi yake. Mkati mwa sabata khadilo limayamba kugwira 9:30 m'mawa mpaka 11 koloko usiku. Loweruka, Lamlungu ndi masiku atchuthi ndiye tsiku lonse. Anachita dala zimenezi kuti nthawi imene inu mukuthamangira ku ntchito, mipando ikhale ya olipira. Agogo amakwera pamene basi ikanayenda theka lopanda anthu, dalaivala ndi mafuta zili zolipiridwa kale.

Tsono pa agogo olemerawo. Ine ndikuti asiyeni akwere. Ambiri a iwo amayendabe pa galimoto zawo, ndipo ngati khadi silinagunde pa makina, khonsolo silipira ulendo uliwonse. Mukati muyambe kufufuza m'thumba mwa aliyense kuti uyu ndi wosauka uyu ayi, amene amagwa m'njira ndi osauka omwewo. Pali ndalama yothandizira okalamba opeza zochepa yotchedwa Pension Credit, ndipo anthu zikwi mazanamazana oyenera kuilandira sailandira, ena chifukwa cha manyazi, ena chifukwa mafomu ndi ovuta. Mu 2024 boma linanena kuti ndalama yotenthetsera nyumba nthawi yozizira izipita kwa okhawo olandira thandizo lotereli, kunali phokoso lalikulu, ndipo mu 2025 linabwerera m'mbuyo. Inuyo mumalowa m'nyumba za anthu amenewa, mukudziwa kuposa ine mmene agogo okhala okha amafookera akatha sabata osatuluka panja. Khadi ili ndi limene limawafikitsa ku chipatala, ku tchalitchi, ku msika, kapena kukangomwa tiyi ndi mnzawo. Dandaulo lanu lenileni ndi la mtengo wa basi kwa munthu wa malipiro ochepa. Mtengo wotsiriza wa ulendo umodzi umene boma linauika pa mapaundi awiri mu 2023 unakwera kufika pa atatu mu January 2025. Kulanda agogo khadi sikungatsitse mtengo umenewo.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo a zaka 62 okhala ku Leeds. Akuti: "Ndimanyamula katundu m'nyumba yosungiramo katundu, mawondo anayamba kale kundivuta. Msuweni wanga ku Glasgow ndi wamng'ono kwa ine, koma akukwera kale ulere. Pasipoti yathu ndi imodzi, mfumu ndi imodzi. Bwanji ine andiuza kuti ndidikire?"

Bambo, apa ndili kumbali yanu ndithu. Nkhani za mabasi, Scotland, Wales ndi Northern Ireland amadzipangira okha malamulo, ndipo konseko khadi limayambira pa zaka 60. Ku England analimangirira ku msinkhu wolandirira penshoni ya boma. Msinkhu umenewo unafika pa zaka 66, ndipo lamulo likuti ukwere kufika pa 67 pakati pa 2026 ndi 2028, kutanthauza kuti inu mudzadikira kufikira 67. Mu England momwemonso simufanana. Wokhala mu London ali ndi khadi la 60+ Oyster, ndipo akafika msinkhu wa penshoni amalandira Freedom Pass yokwerera ngakhale sitima zapansi pa nthaka. Ku Merseyside nakonso amayambira pa 60. Ku Scotland anafika popereka ulere kwa achinyamata osakwana zaka 22 kuyambira mu 2022.

Chimene chimandiwawa n'chakuti msinkhu ukamakwera, oyamba kupwetekedwa ndi anthu ngati inu, ogwira ntchito za manja. Thupi la wonyamula makatoni limatopa msanga kuposa la wokhala mu ofesi, ndipo kafukufuku wa boma lomwelo amasonyeza kuti anthu a m'madera osauka amafa msanga. Amadikira limodzi ndi onse, koma zaka zodyerera khadilo zimawachepera. Lembani kalata kwa phungu wanu ndi kwa khansala, chifukwa khonsolo ili ndi mphamvu yowonjezera pa zimene lamulo linalamula, ikapeza ndalama.

Yachitatu ndi yaifupi, koma ndi imene yandikhudza kwambiri. Mayi ena amene amasamalira gogo wina m'mudzi wina ku Lincolnshire akuti: "Khadi ali nalo, amalisunga m'kachikwama pamodzi ndi makiyi. Koma basi ya m'mudzi muno anaichotsa. Popita ku chipatala amaitana takisi."

Mayi, limenelo ndi khasu m'manja mwa munthu wopanda munda. Ndipo zinthu ziwirizi n'zolumikizana. Kulipirira khadi la okalamba ndi udindo umene lamulo limaikakamiza khonsolo, singathawe. Koma kuthandiza basi ya kumudzi imene siipanga phindu, ya madzulo kapena ya Lamlungu, khonsolo imachita ikafuna. Makhonsolo akhala akudandaula kuti ndalama zochokera ku boma sizikwanira mtengo wa khadilo, ndiye thumba likaphwa amadula kumene lamulo silingawagwire. Mapeto ake agogo a mumzinda amakwera kangapo patsiku, agogo a kumudzi amene analipira msonkho womwewo alibe chokwera. Amene mukufunsa za chilungamo, yambirani apa. Boma limene linalonjeza khadi lipereke ndalama zake zonse, lisasiyire khonsolo kugulitsa basi ya kumudzi kuti ilipirire lonjezo la boma la ku London. Pakadali pano funsani ku khonsolo ngati kuli timabasi toitanitsa pa foni kapena magulimagulu odzipereka onyamula odwala, chifukwa m'madera ambiri akumidzi zilipo.

Tsopano tibwere kwathu. Aphunzitsi opuma pa ntchito a ku Mulanje alemba kuti: "Mwezi uliwonse ndimakwera kabaza kenaka minibasi kupita pa boma kukatenga penshoni ku banki. Ndikamabwerera, gawo lina latsalira m'njira. Bwanji boma lathu osatengera nzeru imeneyi?"

Zikomo aphunzitsi, ndipo pepani ndi ulendowo. Ndikanakonda kukuyankhani kuti n'zotheka mawa, koma taganizani mmene minibasi imayendera. Mwini wake amafuna ndalama yake madzulo, dalaivala ndi kondakitala amadya zotsala, woitanira pa siteji nayenso amadikira yake. Mulibe makina olemba kuti lero akwera agogo angati. Boma likangolengeza kuti okalamba asamalipire, popanda njira yobwezera ndalamazo, kondakitala akaona imvi patsogolo adzangomenya chitseko kuti tiyeni, mwadzaza. Agogo adzatsala padzuwa ndi ufulu wawo m'manja. Inu mukukumbukira nthawi ya kampani ya mabasi ya UTM, imene kampani ya Stagecoach ya ku Scotland inagula mu 1989, kenaka n'kudzakhala Shire Bus Lines. Nthawi imeneyo kunali tikiti, ndandanda ya nthawi, ndi kampani imodzi yoti boma n'kukhala nayo pansi. Lero eni minibasi ndi ambirimbiri.

Palinso china. Okalamba ambiri m'Malawi sanalembedwepo ntchito, akalambira m'munda, penshoni alibe. Tikati ulere ukhale wa apenshoni okha, ndiye kuti tasiya kunja agogo osowa kwambiri. Ine ndikuona kuti kwathu kuno chanzeru ndi kuika ndalama m'manja mwa wokalambayo, monga imachitira Mtukula Pakhomo imene inayambira ku Mchinji mu 2006, koma yofikira okalamba onse, kuti asankhe yekha ngati ndi ya minibasi, ya mankhwala kapena ya ufa. Ndipo pa vuto lanu la mwezi ndi mwezi, funsani ku banki ngati akaunti yanu ingalumikizidwe ndi Airtel Money kapena Mpamba, kuti muzitapira kwa ejenti wapafupi. Muwerengere kaye ndalama imene amadula potapa, muyerekeze ndi ya kabaza ndi minibasi.

Nthawi yatithera. A ku Leeds, phungu akakuyankhani mutitumizire yankholo tidzaliwerenge pano. Eni minibasi ndi makondakitala, lero takunenani muli chete, tikudikira makalata anu sabata ya mawa.