Makalata a omvera: mvula ikagunda malata

Takulandiraninso omvera athu, kuyambira ku Thondwe mpaka ku Domasi. Thumba la makalata sabata ino lalemera ndithu, ndipo ambiri mwalemba za mantha.

Ndiyamba ndi mayi wina wa ku Sadzi, amene wapempha kuti ndisatchule dzina. Akuti: "Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mvula ikangogunda malata usiku tulo timandithawa. Ndimadzutsa ana, n'kuwaveka nsapato, n'kukhala nawo tsonga pafupi ndi chitseko mpaka mbandakucha. Amayi anzanga kumpingo akuti ndilibe chikhulupiriro. Kodi ndikuchimwa?"

Mayi, kalata yanuyi ndaiwerenga katatu. Simukuchimwa ayi. Matope aja anakwirira anthu ku Chilobwe ndi ku Phalombe ife tonse tikumva pa wailesi, ndiye munthu wogona m'tsinde mwa phiri asachite nthumanzi bwanji? Agogo anga ankatisimbira za Napolo wa mu 1946, madzi atatsika m'phiri la Zomba lomweli n'kugumula milatho. Anali munthu wa pemphero agogowo, koma mpaka imfa yawo, mitambo ikada chakuphiri ankangoti zii, n'kuyamba kumanga ufa m'kathumba.

Inu amayi a kumpingoko, ndikudzudzuleni pang'ono, mwaulemu. Ambuye Yesu m'munda wa Getsemane anachita thukuta ndi chisoni, napempha anzake atatu kuti achezere naye. Anzakewo anagona. Inunso mwagona, ndipo mwawonjezapo ulaliki. Mmalo momuyeza mnzanu chikhulupiriro ngati tomato wa pa msika wa Mpondabwino, mmodzi wa inu akagone kwa mayiyu usiku wa mvula. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo inu mayi, usiku wotere tsegulani Salimo 121, ija ya munthu wokweza maso kumapiri, muiwerenge mokweza ana akumva. Ife a ku Zomba kuno salimo imeneyi sitichita kuiganizira, phiri lake lili pakhomo. Nsapato zija musasiye kuwaveka. A zanyengo akachenjeza kuti anthu asamuke, nyamukani, pemphero mudzapitirizira panjira. Tulo tikapitirira kusowa, kachezeni ndi achipatala, za maganizo amathandizanso.

Mnyamata wa ku University of Malawi, ija tinkaitcha Chancellor College, akuopa mayeso ndipo akufuna timupempherere. Tipemphera achimwene, koma Mzimu Woyera amakumbutsa zimene munawerenga.

Bambo wina wa ku Songani, Msilamu, akuti mtima ukamathamanga amadzuka kukaswali m'bandakucha ndipo umakhazikika. Zikomo bambo, mwatiyankhira ena atatu.

Tsono pali makalata anayi onena chinthu chimodzi: aneneri ogulitsa timabotolo ta madzi, ati othamangitsa mantha. Abale anga, nkhani imeneyi yanditopetsa. Munthu amayamba wakuopsezani kuti azakhali anu akukulodzani, kenaka n'kutulutsa botolo ndi mtengo wake. Wina walemba kuti anagulitsa mbuzi. Mbuzi yathunthu, chifukwa cha madzi amene mwina atungidwa mu Likangala! Azakhaliwo mpaka lero salankhulana nawo, mantha nawo ali pomwepo.

Msodzi wa ku Kachulu wafunsa ngati n'kulakwa kupemphera m'bwato pa nyanja ya Chilwa mphepo ikakula. Pempherani bambo, koma chopalasira musachitaye. Tiyeni timvere kaye nyimbo, tikabwerako tiwerenga kalata ya ku Jali.