N'chifukwa chiyani platinamu wa mu fuel cell amafooka?

Moni nonse. Lero tikambe za platinamu, chitsulo chodula chimene chimagwira ntchito yaikulu mu fuel cell ya haidrojeni.

Fuel cell imaphatikiza haidrojeni ndi okosijeni n'kutulutsa magetsi, chotsala n'kukhala madzi basi. William Grove atayesa zimenezi mu 1839, nayenso anadalira platinamu. Fuel cell ili ndi mbali ziwiri, ya haidrojeni ndi ya okosijeni. Ku mbali ya haidrojeni zinthu zimayenda msanga. Kumene kumavuta ndi kwa okosijeni, ndipo platinamu wambiri amaikidwa kumeneko kuti afulumizitse ntchito.

Popeza platinamu ndi wosowa, moti pafupifupi 70 peresenti ya amene amakumbidwa padziko amachokera ku South Africa, akatswiri amamupanga tizidutswa ta mananomita 2 mpaka 5 (milimita imodzi ili ndi mananomita miliyoni) n'kutimwaza pa kaboni. Kadutswa kakachepa, maatomu ake ambiri amakhala kunja, pamene pamachitikira ntchito.

[Pa sikirini: tizidutswa ting'onoting'ono tikusungunuka, tina tikukula]

Tsono taonani apa. Tizidutswa tating'ono tomweti ndi timene timasungunuka msanga. Mkati mwa fuel cell ya galimoto muli asidi, kutentha kumafika madigiri 80, ndipo voteji, mphamvu yokankha magetsi, imakwera n'kutsika nthawi iliyonse woyendetsa galimoto akaponda moto kapena akaima. Platinamu wosungunukayo amakamatirira pa tizidutswa tokulirapo, tating'onoto n'kutheratu. Poyatsa ndi pozimitsa, kaboni nayenso amadyeka, platinamu n'kusowa pogwira. Kwa ine, vuto lenileni ndi limeneli: chimene chimapatsa chitsulochi changu n'chomwenso chimachifupikitsira moyo.

Njira yodziwika yothana ndi vutoli ndi kusakaniza platinamu ndi chitsulo china, kobati kapena nikelo. Zitsulozi zimapanikiza maatomu a platinamu pang'ono, ndiye sagwira okosijeni molimba mopitirira muyeso, ntchito n'kumayenda msanga. Mu 2007, Vojislav Stamenkovic ndi anzake anaonetsa kuti mtundu wina wa platinamu wosakaniza ndi nikelo unaposa platinamu yekha maulendo 10. Galimoto ya Toyota Mirai ya mu 2014 inagwiritsa ntchito platinamu wa kobati. Komatu asidi amakokolola kobatiyo pang'onopang'ono, choncho akatswiri amatenthetsa chisakanizocho kuti maatomu ayalane mwadongosolo, kunja n'kukuta ndi khungu la platinamu.

Gulu la Radoslav Adzic ku labotale ya Brookhaven ku America linatenga njira ina imene imandisangalatsa kwambiri: mkati kuika chitsulo cha paladiyamu, platinamu n'kungokhala khungu lochindikala ngati atomu imodzi.

Pa kaboni, ambiri akusankha wamtundu wa girafaiti, amene sadyeka msanga, ngakhale kuti platinamu samwazika bwino pa iyeyo. Mayeso aakulu tsopano ali pa magalimoto onyamula katundu wolemera, amene amafuna fuel cell yopirira maola pafupifupi 30,000.